Musanasinthe dishi, yambani mwafunsa za kiyi wa nkhokwe

Masiku ano nkhani yosintha kampani ya kanema wa pa dishi ili pakamwa pa aliyense ngati nkhani ya mtengo wa shuga. Mukakwera minibasi ya ku Limbe, mukaima pa mashopu a zamagetsi mu Malangalanga ku Lilongwe, ngakhale mukacheza ndi ophunzira a m'makoleji, simulephera kumva wina akudandaula kuti malipiro a uku amukwana, akufuna akayeseko uko. Palibe chodabwitsa apa. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe makampani a kanemawa amagula mpira ndi mafilimu awo ndi ndalama zakunja. Kwacha ikagwa iwo amakweza mitengo, ndipo mwini thumba amayamba kusuzumira kwa aneba.

Pakati pa ofuna kusamukawa pali gulu lina lomwe mtima wake uli pa chinthu chimodzi, dikoda yojambula, ija amaitcha kuti PVR. Awa ndi anthu omwe nthawi ya mpira imawapeza ali pa geni, kapena nthawi ya pulogalamu yomwe amaikonda imawapeza ali m'kalasi. Funso lawo limakhala lakuti, kodi mwa madikoda ojambula a HD omwe ali pa msikawa, yabwino ndi iti? Ine ndikuti funsolo ndi labwino ndithu, koma si loyambira ayi. Loyambira ndi ili: kodi zomwe ndizidzajambulazo zidzakhala za yani? Mukapeza yankho la funso limeneli, kuyerekeza kwina konse sikuvuta.

Kale kaseti idali yako

Omwe tidaona nyengo ya makaseti a vidiyo tikudziwa m'mene zinthu zinkayendera. Dziko lino lidakhala opanda wailesi ya kanema yakeyake mpaka mu Epulo 1999 pomwe TVM idatsegulidwa, choncho m'nyumba zambiri za m'tauni kanema ankatanthauza deki ndi makaseti a VHS. Ukajambula chinthu pa kaseti, kasetiyo idali yako basi. Unkatha kubwereketsa mnzako, kupita nayo kumudzi, kapena kuiponya mu deki ya mtundu wina uliwonse, bola ikhale ya VHS. Palibe kampani yomwe inkabwera kudzakufunsa kuti mwezi uno walipira kodi.

Makina ojambula opanda kaseti adayamba kugulitsidwa ku America mu 1999, pomwe TiVo ndi ReplayTV zidatuluka. Ku Britain kampani ya Sky idatulutsa Sky+ mu 2001. Mu Africa muno MultiChoice, yomwe idayambitsa DStv mu 1995, idabweretsa PVR yake yoyamba mu 2005, ya HD mu 2008, kenaka Explora mu 2013. M'malo mwa kaseti, makinawa amasunga zithunzi pa hard drive, chimbale chonga chija chimakhala m'kompyuta. Zomwe amachita ndi zosangalatsa, sindikana. Mungathe kuimitsa mpira uli mkati kasitomala akabwera, nkudzaupitiriza pomwe mudausiyira. Mungathe kubweza chigoli kuti muonenso bwino ngati adali ofusayidi. Mungathe kuuza makinawo kuti azijambula sewero lakutilakuti tsiku lililonse inu muli kuntchito.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe chidasintha mwakachetechete. Zomwe kampani ya kanema wolipira imatumiza kuchokera ku setilaiti zimabwera zokhomedwa, ndipo chotsegulira chake ndi khadi lija limalowa mu dikoda, kapena kachipangizo komwe adamangirira mkati momwemo. Dikoda ikamajambula imasunga zithunzizo zili chikhomedwere. Ndiye kuti chimanga mwalima ndinu, nkhokwe ili pakhomo panu, magetsi oyendetsera mukulipira ndinu, koma kiyi wa nkhokweyo ali m'thumba mwa kampani. Simungachotse hard drive nkuiika m'kompyuta kuti muonere. Simungasamutsire zojambulazo mu dikoda ya kampani ina. Ndipo ku makampani ambiri, mukangosiya kulipira, ngakhale zija mudajambula miyezi yapitayo muli wolipira bwinobwino zimakana kutseguka.

Kampani ikachoka, bokosi limatsala

Wina anena kuti, aaa, ine sindidzasiya kulipira. Chabwino, nanga kampaniyo ikakusiyani ndi iyo? Izi si nthano ayi. GTV, yomwe idabwera ndi mpira wa ku England m'mayiko ambiri a mu Africa muno mu 2007, idatseka mwadzidzidzi mu Januwale 2009, anthu nkutsala ndi madikoda osagwira ntchito. Kwesé TV ya kampani ya Econet idayamba ndi mkokomo, koma pofika 2019 idali itatha. Ku South Africa bungwe loyang'anira za mawailesi la ICASA lidatseka StarSat mu Okutobala 2024 pa nkhani ya laisensi yomwe idatha.

Kwathu konkuno tidazionera tokha mu Ogasiti 2023. Bungwe la MACRA lidatenga chiletso ku bwalo la milandu choletsa kukweza mitengo ya DStv, ndipo kampani ya MultiChoice Africa Holdings idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi, nkuuza makasitomala kuti asiye kulipira. DStv idabwereranso mu Disembala chaka chomwecho khothi litagamula nkhaniyo. Sindikufuna kuweruza kuti wolakwa adali ndani, amenewo ndi a maloya. Chomwe ndikufuna muone ndi chakuti munthu yemwe adali ndi dikoda yodula kwambiri m'nyumba mwake sadafunsidwe kanthu pa mkangano wonsewo, chonsecho tsogolo la bokosi lake lidali m'manja mwa anthu okanganawo. Akuluakulu adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Zojambula za mu dikoda ya kampani ndi fodya wa pachala.

Choncho ngati mwatsimikiza zosamuka, chinthu choyamba nkuonera zonse zomwe mudasunga mwezi wanu wolipira usanathe. Musati ndidzaonera pa holide. Tsiku lomwe akudulani, nkhokwe yatsekedwa.

Mitundu itatu ya mabokosi

Tsopano tiyeni tilowe mu shopu. Madikoda omwe mungawapeze ndingawagawe patatu. Oyamba ndi omwe ali ndi hard drive mkati mwake, monga Explora. Awa ndiwo odula, ndipo ntchito yojambula adawapangira imeneyo. Achiwiri ndi omwe alibe chosungiramo mkati, koma ali ndi kabowo ka USB komwe mumalowetsapo fulashi kapena hard drive yanuyanu. Awa ndi otsika mtengo, ndipo ndiwo amakopa ambiri omwe akuthawa malipiro okwera. Achitatu ndi omwe sajambula nkomwe. Chenjerani pano, abale anga, chifukwa madikoda ena ali nako kabowo ka USB koma kabowoko ndi ka amisiri kolowetsera mapulogalamu a makinawo, osati kojambulira. Wogulitsa akakuonetsani kabowo nkunena kuti iyi imajambula, muuzeni kuti, achimwene, tajambulani mphindi ziwiri pompano tione. Safunsa adadya phula.

Dziwaninso kuti fulashi kukhala yanu sizitanthauza kuti zojambulazo ndi zanu. Ngati dikodayo ndi ya kampani ya kanema wolipira, kawirikawiri imakhoma zomwe yajambula pa fulashipo kuti zizitseguka mu dikoda yomweyo basi. Makina omwe kiyi amakhaladi wanu ndi aja ogwira matchanelo aulere, omwe alibe khadi la kampani. Zomwe mwajambula pa amenewo nthawi zambiri zimatseguka ngakhale pa kompyuta. Koma musayembekezere kupezamo mpira wa ligi ya ku England, womwe kuno umaonetsedwa ndi SuperSport.

Ndipo ndisaiwale, GOtv ndi Kiliye Kiliye si za pa dishi. Izi zimagwira ndi eriyo kuchokera ku nsanja za pansi pompano, ndiye dikoda yake ndi ya mtundu winanso. Osazisakaniza poyerekeza.

Makutu angati?

Chinthu chomwe ogulitsa ambiri satchula, koma ndicho chimasiyanitsa kwambiri mabokosiwa, ndi tuner. Kunena mwachidule, tuner ndi khutu la dikoda, lomwe limamvera zochokera ku setilaiti. Dikoda ya khutu limodzi imamvera mbali imodzi nthawi imodzi. Ndiye kuti ikamajambula mpira, inu simungasinthe momasuka kupita ku tchanelo ina iliyonse kuti mayi a kunyumba aonere sewero lawo. Mwina ikukanizani, mwina isiya kujambulako. Ya makutu awiri kapena kuposerapo imakulolani kujambula china uku mukuonera china, ndipo Explora imachita zimenezi. Ku America adafika nazo patali, moti Hopper 3 ya kampani ya Dish, yomwe idatuluka mu 2016, ili ndi makutu 16.

Apa ndi pofunika kudzifunsa chilungamo. Ngati mumakhala nokha pa lendi ndipo mukungofuna kujambula zinthu zomwe zimaonetsedwa inu mutachoka, khutu limodzi likukwanirani, ndipo ndalama yogulira bokosi lodula mungaonjezere pa mpamba. Koma ngati m'nyumba muli anthu asanu ndi awiri ndipo mkangano wa rimoti umabuka madzulo aliwonse, bokosi la khutu limodzi silithetsa mkanganowo. Lingouwonjezera.

Funsaninso m'mene bokosilo limalandirira malamulo. Ena mumangosankha pulogalamu pa ndandanda ya pa sikirini nkudina batani limodzi, ndipo amatha kutsata sewero lonse sabata ndi sabata. Ena mumayenera kulemba nokha ola loyambira ndi lomalizira ngati mukutchera alamu. A mtundu wachiwiriwa amakhumudwitsa pa mpira wa chikho, chifukwa masewero akapitirira mpaka mapenote, makina amaima pa ola lomwe mudalemba, wosewera ali pafupi kumenya penote yomaliza. Mukamatchera, muzionjezerako mphindi makumi anayi kumapeto.

Maola angati?

Pa katoni amalemba manambala akuluakulu okopa maso. Explora yoyamba ija ya 2013 idabwera ndi hard drive ya 2TB. Koma nambala ya pa katoni si yonse yomwe ili yanu, pakuti pa mabokosi ngati amenewa kampani imapatulako gawo lina losungiramo mapulogalamu ndi mafilimu omwe imatumiza yokha. Funsani maola omwe inu mungajambule, ndipo mufunsenso ngati maolawo ndi a HD kapena a zithunzi wamba, chifukwa HD imadya malo kwambiri.

Masamu ake ndi osavuta, ophunzira atithandize. Tiyerekeze kuti tchanelo ya HD ikutumiza 8 megabit pa sekondi. Pa ola limodzi pali masekondi 3,600, ndipo ma megabit 8 ndiwo megabyte imodzi, choncho ola limodzi ladya pafupifupi 3.6GB. Mpira umodzi, kuphatikizapo nthawi yopuma ndi zokamba za akatswiri, ndi maola awiri, kutanthauza 7GB ndi kanthu. Fulashi ya 32GB ilowa mipira inayi basi, yadzaza. Hard drive ya 500GB ingasunge maola pafupifupi 140. Matchanelo amasiyana, ena amadya pang'ono ena kwambiri, koma masamuwa akupatsani poyambira. Ndiye amene akugula dikoda yotchipa ya USB awerengeretu mtengo wa chosungiramo, chifukwa sichibwera m'katonimo.

Kwa ophunzira ndili ndi chenjezo lapadera. Dikoda zambiri zikalandira fulashi yachilendo zimapempha kuti ziikonze m'njira yawo, ndipo mukavomera zimafufuta zonse zomwe zidalimo. Musalowetse fulashi yomwe muli manotsi ndi pulojekiti ya chaka chomaliza pofuna kujambula Arsenal. Komanso fulashi zachinyengo zadzaza m'misika, zolembedwa 64GB kunja koma mkati muli malo ochepa, ndipo zina ndi zochedwa moti chithunzi cha HD chimadukaduka. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

HD ili ndi miyendo itatu

Mawu oti HD nawonso asokoneza anthu. Chithunzi wamba cha kanema wa kuno chili ndi mizere 576, pomwe cha HD chili ndi mizere 720 kapena 1080, ndicho chifukwa chake chimaoneka chowala bwino. Koma kuti muchione pafunika zinthu zitatu monga mafuwa a pamoto. Dikoda ikhale ya HD, kanema wanu akhale wa HD wolumikizidwa ndi waya wa HDMI, ndiponso tchanelo yomwe mukuonerayo ikhale ikutumizidwa mu HD pa phukusi lomwe mwalipira. Fuwa limodzi likasowa, mphika wagwa. Ndaonapo m'malo ambiri dikoda yamakono yolumikizidwa ndi mawaya atatu aja, lachikasu, loyera ndi lofiira, mwini wake akunyadira kuti ali pa HD. Waya wachikasu sanyamula HD, ngakhale mutagula dikoda ya mtengo wotani. Choncho poyerekeza makampani, musangowerenga kuchuluka kwa matchanelo pa pepala lawo. Tengani cholembera, lembani matchanelo asanu omwe mumaoneradi, nkufunsa kuti mwa amenewa alipo angati, ali pa phukusi liti, ndipo a HD ndi ati.

Apa ndi pomwe ambiri amazindikira kuti bokosi silisankhidwa palokha. Wokonda ligi ya ku England apita komwe kuli SuperSport, wokonda Simba ndi Yanga za ku Tanzania apita ku Azam TV. Bokosi labwino chotani silingajambule mpira womwe kampani yake ilibe.

Dishi nayo isamuka

Pali mtengo wina womwe umabisala padenga. Masetilaiti a kanema ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa equator, aliyense pamalo pake. MultiChoice imagwiritsa ntchito a pa madigiri 36 ndi 68.5 kummawa, pomwe Azam TV ili pa madigiri 7 kummawa. Ife tili kummwera kwa equator, ndiye madishi athu onse amayang'ana chakumpoto, koma ina imapendekera kuzambwe, ina kuvuma. Kusintha kampani ndiye kuti dishi itembenuzidwe, ndipo mwina mbali yatsopanoyo kuli mtengo wa mango kapena khoma la aneba lomwe litchinga. Nthawi zina dishi iyenera kuzulidwa nkukhomedwa pena, zomwe kwa okhala pa lendi zitanthauza kukagogoda kwa alandilodi.

Kachipangizo kaja kamakhala kutsogolo kwa dishi, ka LNB, nakonso nkofunika kukafunsa. Bokosi la makutu angapo silikhutira ndi LNB wamba ya waya mmodzi. Limafuna ya mawaya awiri kapena ya mtundu wapadera, monga Smart LNB yomwe DStv imalimbikitsa pa Explora. Ndiye pa mtengo wa dikoda onjezerani LNB, mawaya ndi malipiro a mmisiri. Ndipo mmisiriyo akhale wodziwa ntchito, wokhala ndi mita yoyezera siginolo, osati wongokwera padenga nkumakuwa kuti, yabwera kodi? Dishi yolozedwa mwa chiyerekezo imagwira bwino mu Ogasiti, koma mvula ya mu Januwale ikangoyamba chithunzi chimathawa, ndipo makina ojambula amasunga mdima womwewo mokhulupirika.

Magetsi

Makinawa adapangidwa poganizira mayiko omwe magetsi sazima. Kwathu kuno tikudziwa m'mene zidalili namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko nkutaya pafupifupi ma megawati 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Dikoda yojambula imafuna kukhala pa magetsi usana ndi usiku kuti igwire ntchito yomwe mudaigulira. Magetsi akazima nthawi ya mpira, palibe chojambulidwa, ndipo akabwera makinawo amatenga mphindi zingapo kuti adzuke. Choopsa kwambiri nchakuti hard drive ndi chimbale chozungulira maulendo zikwizikwi pa mphindi imodzi, ndipo kuzimazima kwadzidzidzi ndi magetsi obwera mwamphamvu zimaifupikitsira moyo. Ikafa, zonse zomwe zidalimo zapita.

Apa bokosi la USB lili ndi mwayi wake, chifukwa chosungiramo chikafa mumangogula china pa msika, pomwe la hard drive ya mkati liyenera kupita kwa eni ake. Mulimonsemo, TV guard ndi yofunika kugula tsiku lomwelo, ndipo omwe ali ndi sola kapena inverter afunse kuti bokosilo limadya magetsi ochuluka bwanji, poti lojambula limadya kuposa dikoda wamba. Chinanso, amayi athu amakonda kufunditsa zipangizo ndi tinsalu toluka kuti pabalaza pakongole. Dikoda yojambula imatentha ndipo imapumira m'timabowo ta pamwamba ndi m'mbali. Kuifunditsa nkuipha pang'onopang'ono.

Werengani za zaka ziwiri

Munthu wa geni amadziwa kuti mtengo wa katundu si wa pa oda pokha, pali thiransipoti ndi chiphaso cha msika. N'chimodzimodzi pano. Ku DStv, kuti Explora ijambule mumalipira ndalama ina yapamwezi pamwamba pa phukusi lanu. Mukapanda kulipira imeneyo, bokosi lodulalo limangokhala ngati dikoda wamba. Tiyerekeze, mwachitsanzo chabe, kuti ndalama yoonjezerayo ndi K10,000 pamwezi. Pa zaka ziwiri ndi K240,000, ndipo apa sitidawerengere kukwera kwa mitengo. Ndiye tengani pepala, mbali iyi kampani iyi, mbali iyo kampani iyo. Lembani mtengo wa dikoda, dishi, LNB, mmisiri, chosungiramo ndi TV guard, kenaka phukusi ndi ndalama yojambulira kuchulukitsa ndi miyezi 24. Nambala ya pansi ndiyo mtengo weniweni. Kawirikawiri bokosi lomwe akugulitsa motchipa pa pulomoshoni ndi nyambo chabe, mbedza ili m'malipiro a pamwezi.

Funsaninso ngati bokosilo likhala lanu. Kuno timagula, koma kwina zinthu zidasintha. Abale athu okhala ku Britain akudziwa kuti bokosi la Sky Q, lomwe lidatuluka mu 2016, limakhalabe katundu wa kampani, ndipo ukasiya umayenera kubweza. Eni ake a makampani nawonso amasintha, monga momwe Canal+ ya ku France idatengera MultiChoice mu 2025, ndipo mwini watsopano angathe kubwera ndi malamulo atsopano. Choncho kuwerenga pepala la mgwirizano musanasaine si kutaya nthawi.

Za madikoda ogula kwa munthu, kapena obwera m'mabasi kuchokera ku Joni, ndingoti samalani. Dikoda imalembetsedwa m'dzina la munthu komanso m'dziko lomwe idagulidwa. Ikhoza kukhala ndi ngongole, ikhoza kukhala yobedwa, ndipo hard drive yake ikhoza kukhala itatopa kale. Musanapereke ndalama pitani limodzi ndi wogulitsayo ku ofesi ya kampani, akatsimikize kuti nambala ya bokosilo ingasinthidwe kukhala m'dzina lanu. Akakana kupita nanu, mwadziwa kale yankho. Pogula yatsopano, lisiti ndi pepala la galanti muzisunge ngati chiphaso cha sukulu.

Kwa a mabala ndi ophunzira

Anzanga omwe muli ndi malo omwera, malo odyera kapena nyumba zoonetsera mpira, dziwani kuti phukusi la panyumba silikulolani kuonetsa gulu pa malo a bizinesi. Makampani ali ndi mapukusi ena a malonda, ndipo pali nkhani ya chilolezo cha COSOMA. Kujambula mpira kapena filimu nkumagulitsa pa mafulashi ndi kuphwanya lamulo la zaumwini wa luso la 2016. Kunena zoona, wa bala safunikira kwenikweni makina ojambula, chifukwa palibe kasitomala amene angagule mowa kuti aonere mpira womwe zigoli zake adaziona kale pa foni. Chomwe wa bala akufuna ndi chithunzi chowala, dishi yolozedwa bwino ndi jenereta.

Ophunzira nanunso dzifunseni ngati bokosi lojambula ndi lanu. Makampani ambiri tsopano ali ndi njira yoonera pa foni kapena pa kompyuta kudzera pa intaneti, kuphatikizapo mapulogalamu omwe adadutsa kale. Vuto lake ndi mabando, omwe kuno ndi odula. Koma bokosi lojambula silidya bando ngakhale pang'ono pojambula zochokera ku dishi, ndipo umenewu ndiwo ubwino wake waukulu m'dziko ngati lathu. Ngati mwasonkherana anthu anayi m'nyumba ya lendi pafupi ndi koleji, gwirizanani poyamba kuti dikoda ilembedwa m'dzina la yani ndipo idzapita ndi yani maphunziro akatha. Ubwenzi wambiri watha chifukwa cha rimoti.

Maganizo anga ndi awa. Bokosi la hard drive ya mkati ndi makutu angapo ndilo limagwira ntchito yojambula bwino koposa, ndipo banja lalikulu lomwe lili ndi magetsi odalirika komanso lokhazikika ku kampani imodzi silinong'oneza bondo poligula. Koma munthu yemwe akusamuka chifukwa thumba lapepuka, ndipo mawa angathe kusamukanso, asakwirire ndalama zambiri m'bokosi lomwe silidzamutsata. Iyeyo agule lotsika mtengo, chosungiramo chikhale chapadera choti adzachigwiritse ntchito ina akadzachoka, ndipo azijambula zoti aonere sabata yomweyo, osati zosungira adzukulu.

Ku makampani ndili ndi pempho limodzi. Lembani pa katoni ndi pa pepala la mgwirizano, m'Chichewa chomveka, kuti munthu akasiya kulipira zojambula zake zimatani, ndi kuti kujambula kuli ndi malipiro apadera kapena ayi. MACRA ndi bungwe la CFTC, lomwe limateteza ogula ku malonda achinyengo, angathe kulimbikitsa zimenezi popanda kudikira kuti anthu ayambe alira. Pakadali pano ntchito ili kwa ife ogula. Wogulitsa adzakuuzani za kuwala kwa chithunzi ndi kuchuluka kwa matchanelo, poti imeneyo ndiyo ntchito yake. Inu mumufunse modekha kuti, bambo, ndikadzafuna kuchoka ndidzanyamula chiyani? Akayamba kukanda m'mutu, bwezani chikwama m'thumba mukaganize kaye kunyumba. Kuona maso a nkhono nkudekha.